Mankhwala a BP ochokera ku mtengo: chitetezo chagona pa muyezo

Kutsegulidwa kwa chipatala cha John Chilembwe mu 2022 kudapatsa boma la Phalombe chipatala chachikulu chakechake, patatha zaka zambiri anthu akudalira cha mishoni cha Holy Family. Koma pa matenda a kuthamanga kwa magazi, omwe ambiri amangoti BP, nkhondo yaikulu ili kunyumba: kodi wodwala akumwa chiyani akachoka kuchipatala?

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno ali ndi vutoli. Poti mapiritsi ake ndi omwa moyo wonse, wodwala wa pa Phalombe Boma akhoza kukopeka ndi mankhwala azitsamba, poganiza kuti chochokera ku mtengo sichipweteka.

Mbiri ya mankhwala otchedwa reserpine ikutsutsa ganizoli. Akatswiri a kampani ya Ciba ku Switzerland adawapeza mu 1952 m'mizu ya Rauvolfia serpentina, chitsamba chomwe asing'anga a ku India adachigwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Mtengo wa mwimbi, womwe umamera m'mbali mwa mitsinje kuno kwathu, ndi wa banja lomwelo.

Reserpine amatsitsadi BP pofewetsa mitsempha ya magazi ndi kuchepetsa kugunda kwa mtima. Komabe muyezo wake ndi wochepa zedi, nthawi zambiri wosapitirira mamiligalamu 0.25 patsiku, ndipo mphamvu yake imakhalitsa m'thupi ngakhale munthu atasiya kumwa. Amatha kutseka mphuno, kuodzeretsa, kudzutsa zilonda za m'mimba komanso kufooketsa maganizo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe madotolo lero amayambira ndi hydrochlorothiazide kapena amlodipine.

Apa ndi pomwe pali ntchito ya namwino. Wodwala amene akumwa mankhwala otere amayenera kuyezedwa BP ndi kugunda kwa mtima pafupipafupi, kulangizidwa kuti azidzuka pang'onopang'ono kuopa chizungulire, ndiponso kufunsidwa za tulo ndi maganizo ake. Amene adadwalapo matenda okhumudwa kwambiri sayenera kupatsidwa.

Madzi owiritsa a makungwa kapena mizu alibe chitetezo chonsechi. Palibe amene angadziwe mphamvu yomwe ili m'kapu imodzi. Kuwaphatikiza ndi mapiritsi kungagwetse BP mopitirira, pomwe kusiya mapiritsi chifukwa cha iwo kumatsegula khomo la sitiroko ndi matenda a impso.

Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi udindo woyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, koma silingalowe m'khitchini ya aliyense. Namwino ndiye ali pafupi. Akafunsa mwaulemu, mosakalipa, wodwala amaulula zomwe akumwa kunyumba. Akakalipiridwa, amabisa botolo n'kumamwabe.