Musanagule kamera, kajambuleni agogo

Achinyamata ambiri okonda kujambula zithunzi agwidwa ndi maganizo amodzi olakwika, akuti chimene chikuwalepheretsa ndi kamera. Amatha miyezi akukangana za Canon ndi Nikon, akuvutitsa abale a ku Joni kuti awafunsire mtengo wa lensi, akuwerengetsera ma megapixel usiku ndi usana. Miyezi yonseyo foni ili phee m'thumba, ndipo agogo awo kumudzi akukalamba opanda chithunzi n'chimodzi chomwe chooneka bwino. Ine ndikuti ndalama ndi mtima womwe zikupita kolakwika.

Taonani zimene zimachitika pamaliro. Pakafunika chithunzi cha malemu choika pa pulogalamu, banja lonse limangoti balalabalala. Wina akujambula chiphaso cha unzika, wina akudula mutu wa malemu pa chithunzi cha ukwati wa eni, nkhope itachita chimbuuzi, phewa la mlendo likuonekera pambali. Komatu banja lomwelo aliyense ali ndi foni yojambula. Kamera sinasowe ayi. Anasowa ndi munthu woona kuti mayi akutong'ola chimanga pakhonde, kapena bambo akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndi oyenera kujambulidwa lero lomwe.

Pali chithunzi china cha mu 1914 chimene Mmalawi aliyense ayenera kuchidziwa. Mbusa John Chilembwe waima pamodzi ndi mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira Chilembwe anaukira atsamunda, anaphedwa, ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe ku Chiradzulu chinagumulidwa. Chithunzi chija chinatsala. Patatha zaka zoposa 100, Samson Kambalu anachitenga n'kupangira chiboliboli chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Kodi munamvapo munthu akufunsa kuti inali kamera yanji? Mphamvu ya chithunzicho ili pa munthuyo, pa chipewacho, ndiponso poti wina anachisamala osachitaya.

Ngakhale mbiri ya kujambula ikuchitira umboni. Kampani ya Kodak itatulutsa kamera ya Brownie mu 1900, kabokosi ka katoni kogulidwa dola imodzi, anthu wamba anayamba kujambula ana awo, agalu awo ndi misewu yawo. Zithunzi zongoti ng'ani zoterezi ndizo lero zimationetsa mmene anthu ankavalira ndi mmene ankakhalira.

Tsono za ma megapixel zija. Kuti mutsukitse chithunzi cha masentimita 10 kwa 15, cha mu alubamu chija, ma megapixel awiri okha akwana. Foni ya itel kapena Tecno imaposa pamenepo kutalitali. Chimene chimaononga zithunzi zathu zambiri ndi kuwala. Timaimika munthu padzuwa la liwombo, maso ake n'kukhala maenje akuda. Timamuimika patsogolo pa khoma loyera mbee kapena thambo lowala, kamera n'kutsata kuwalako, nkhope yakuda n'kuzimirira. Mulowetseni mumthunzi, kapena dikirani dzuwa lipendeke, pukutani galasi la foni, muyandikireni. Zimenezi n'zaulere, ndipo amene sanaziphunzire pa foni sadzazidziwa chifukwa wagula kamera ya ndalama zambiri. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Sindikunena kuti kamera ilibe ntchito. Amene akufuna kujambula mpira pa Bingu National Stadium, mbalame ndi njovu ku Liwonde, kapena ukwati mu holo ya mdima anthu atamulipira, foni imugwiritsa mwala. Iyeyo akufunika lensi yokoka zakutali ndi kamera yotha kuona mumdima. Agule, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo asunge ndalama ya lensi, batire lapadera ndi memori khadi, pakuti ambiri amathera zonse pa kamera yokha n'kutsala ndi lensi yosathandiza. Koma ayambe watchula chithunzi chenicheni chimene wachilephera ndi foni. Ngati sangachitchule, akufuna chokoleka m'khosi basi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kasungidwe. Makolo athu ankajambulitsa mwa apo ndi apo kwa wojambula woyenda pa njinga, koma zithunzi zawo zilipobe m'masutikesi ndi pakhoma. Ife timajambula tsiku ndi tsiku, n'kusiya zonse mufoni imene ingabedwe mu minibasi, kugwera m'madzi kapena kungofa yokha. Ena amati zili pa WhatsApp, osadziwa kuti chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi pamenepo chimachepetsedwa, ndipo mukadzafuna kuchikulitsa chimangophwanyikaphwanyika. Ana obadwa zaka zino ndi amene ajambulidwa koposa mibadwo yonse, komabe ambiri adzakula opanda chithunzi cha ubwana wawo chogwirika m'manja.

Choncho kwa amene wasunga ndalama ya kamera, pempho langa ndi ili. Patulaniko pang'ono ya thiransipoti, mupite kumudzi Loweruka likubwerali. Pemphani chilolezo, mujambule agogo, azakhali, nyumba, nkhokwe, chitsime. Mukabwerera sankhani zabwino mukatsukitse ku situdiyo, chilichonse ziwiriziwiri, china chanu china cha mwini nkhope, chifukwa kujambula munthu osamupatsa chithunzi chake ndi chipongwe. Kumbuyo kwake lembani dzina lonse, mfunda, mudzi ndi chaka. Zotsala zikopereni pa kompyuta kapena pa fulashi, ndipo fulashi ina ikakhale kwa mbale wina, kunyumba ina.