Mwana wa mlimi ndi mpikisano wa motoka

Tikatuluka m'calici pa Sondo timaona anyamata ataunjikana pa foni imodzi, kuonerera motoka za mpikisano zikuutsa fumbi. Posacedwapa wina wa iwo anauza atate ake kuti agulitse ng'ombe ziwiri, amugulire motoka yakale kuti ayambe kuphunzira liwiro. Atatewo anatifunsa maganizo, ndipo yankho lathu tiliika pano cifukwa funsoli lili m'manyumba ambiri kuno ku Chongwe.

Coyamba, mwanayo tisamuseke. Zambia ili ndi mbiri pa mpikisano wa rally, uja wa m'miseu ya fumbi yonga yathuyi. A Satwant Singh anakhala ngwazi ya Africa kasanu ndi katatu, komaliza mu 2000. A Muna Singh anatenga cikho mu 2004 ndi 2005. Mohammed Essa anacitenga mu 2012, Jassy Singh mu 2013, onse awiri akali anyamata. Mu 2022 a Leroy Gomes anacibweretsanso, akazi awo a Urshlla ali pambali kuwawerengera njira.

Koma tiyang'ane bwino mainawa. Jassy ndi mwana wa a Muna: anakulira pakati pa masipanala ndi anthu odziwa nchitoyi. Ndi kunja komwe zili tero. Kalle Rovanperä wa ku Finland, amene mu 2022 anakhala ngwazi ya dziko lonse ali ndi zaka 22 cabe, ndi mwana wa Harri, woyendetsa wa mpikisano womwewo. Lewis Hamilton sanabadwire m'cuma, inde, koma atate ake anagwira nchito zingapo nthawi imodzi, ndipo kampani ya McLaren inamutenga mu 1998 ali ndi zaka 13. Pakanapanda kampaniyo, kaya tikanamumva.

Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Motoka yatsopano ya gulu la Rally2, imene ngwazi za Africa zayendetsa zaka zino, imagulidwa pafupi-fupi ma euro 200,000. Pa mtengo wa FRA wa mu 2025, K340 pa thumba la makilo 50, amenewo ndi matumba a cimanga opitirira 10,000. Apo tikalibe kuwerengera matayala, mafuta, amakanika ndi ulendo wa ku Kenya, kumene Safari Rally inabwerera mu mpikisano wa dziko lonse mu 2021. Motoka ikagubuduka kamodzi, zonse zathera pomwepo. Ngakhale ngwazi tachulazi, ndi luso lawo lonse, palibe inafika pokhala ngwazi ya dziko lonse. Nanga ng'ombe ziwiri zingafike kuti? Za Formula One tisanene n'komwe: mu Africa mpikisanowo unacitika komaliza mu 1993, ku Kyalami, South Africa.

Ife tiona khomo lina, locepa koma lotseguka. Pamene a Muna anali kupambana, pambali pawo panali a David Sihoka, kuwauza za khona iliyonse isanafike, ndipo ndi iwo omwe anakhala pambali pa Jassy mu 2013. Wowerenga njira nayenso amachedwa ngwazi. Nchito yake ifuna mutu wodekha, masamu ndi Cingerezi, zinthu zimene mwana wa ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana angapeze pa sukulu. Ndiyenso pali amakanika. Mnyamata wodziwa kusintha giyabokosi m'mphindi zocepa amafunidwa ndi timu iliyonse, ndipo ngati za mpikisano zakanika, mathirakita ndi zigayo za kuno zidzamudyetsa.

Mpata wa wosauka pa ciwongolero umabwera mwa kamodzi-kamodzi. Bungwe la FIA linali ndi pulogramu ya Rally Star yofuna acinyamata aluso opanda ndalama. Ku Africa anapambana Max Smart wa ku South Africa mu 2022, ndipo mu 2024 anapikisana mu Junior WRC. Munthu mmodzi mu Africa yense! Ndiye cifukwa cake tipempha a Zambia Motor Sport Association ndi makampani othandiza masewera kuti mipata yotere azilengeza m'Cinyanja ndi m'Cisoli pa wailesi, ifike ndi ku masukulu a kumidzi. Chongwe ili pa mtunda wa makilomita 45 cabe kucoka ku Lusaka. Sicingakhale covuta kutenga ana asukulu kukaona mmene motokazi zimakonzedwera.

Cimene tikana kweni-kweni ndi kuphunzirira pa Great East Road. Wa rally amathamanga pa mseu wotsekedwa, ali ndi cisoti, malamba ndi zitsulo zomuchinga, ambulansi ili pafupi. Mnyamata wothamangitsa minibasi kapena Canter ya tomato alibe ciliconse ca izi, ndipo wanyamula amai a anzake. Maliro otere tawaikapo kale.

Atate aja tinawauza kuti ng'ombe zikhale m'khola, mvula ili pafupi ndipo munda ufuna kulimidwa. Mwanayo atsirize Giredi 12, atenge laisensi, akaphunzire umakanika ku sukulu ya luso, ndipo tsiku la rally akaime pafupi ndi amakanika, apemphe ngakhale kutsuka matayala.