Chipere musachiperekeze kumsika, pitani nacho kuchipatala

Inu omvera athu a ku Zóbuè, a ku Moatize ndi a m'midzi ya m'malire, lero tikambirane za chipere. Ambirife timachipeputsa. Mwana akatuluka chipere m'mutu timati chitha chokha, ndipo chikakula timathamangira kwa wogulitsa mankhwala odzola pamsika. Apa ndi pamene tikulakwitsa.

Chipere chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu, timene timakonda khungu lofunda ndi lonyowa. Taganizirani kutentha kwa ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala, thukuta, ndi jombo zimene a ku migodi ya malasha amaswera nazo. Tizilomboti timapatsirana pobwerekana chipeso, thaulo kapena chipewa, ndiponso pometa ndi makina osatsukidwa.

Timachubu tambiri ta pamsika, kaya mwagula ndi metikali kaya ndi kwacha, timakhala ndi mankhwala otchedwa betamethasone kapena clobetasol, omwe amapezekanso m'mafuta oyeretsa khungu. Mukadzola, kuyabwa kumaleka msanga, inu n'kumati mwachira. Chikhalirecho mankhwalawa afooketsa chitetezo cha khungu, ndipo chipere chikuyala pansipansi. Chikabweranso chimakhala chachikulu ndi chovuta kuchizindikira. Ku India anthu adadzola mankhwala otere zaka zambiri, ndipo kudabuka chipere chosamva mankhwala ena, chimene akatswiri adachipatsa dzina mu 2020. Tisachiitanire kuno. Madzi a batire ndi mafuta a mabuleki nawonso amangowotcha khungu la mwana, n'kumusiyira chipsera.

Kuchipatala anamwino amayamba aona kuti chipere chili pati. Cha pathupi, cha m'mphechepeche ndi cha pakati pa zala za kumapazi chimamva mankhwala odzola monga clotrimazole kapena miconazole, kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4. Musaleke poona kuti chazimirira, malizani masiku amene mwauzidwa. Cha m'mutu n'china. Tizilombo timalowa m'kati mwa tsitsi momwe mafuta odzola safika, choncho mwana amafunika mapiritsi a griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8. Mayi woyembekezera asamwe mapiritsiwa.

Ena mudzati chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo nthawi zina mankhwala sapezeka. N'zoona. Koma ngakhale tsiku lotero mumabwerako mukudziwa matenda anu ndi dzina la mankhwala oyenera, zimene wapamsika sangakuuzeni. Si banga lililonse lili chipere. Banga loyererako, losayabwa, limene simumva kanthu akaligwira, likhoza kukhala khate, ndipo khate limachizika ndi mankhwala aulere mukafulumira. Chipere chofalikira thupi lonse kapena chobwerabwera chimafuna kuti muyezetse shuga ndi HIV. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tsono makolo, yang'anani m'mutu mwa ana onse, chifukwa chipere sichikhala mwa mmodzi pakhomo. Chapani zovala ndi zofunda, muziyanike padzuwa. Inu ometa, tsukani makina musanamete mutu wina. Inu a jombo, umitsani mapazi ndi kusintha masokosi tsiku lililonse. Ndipo ngati m'nyumba muli kachubu ka pamsika, katengeni mukawaonetse anamwino kapena APE wa m'mudzi mwanu sabata yomwe ino.