Thupi ku Joni, ntchito ku Ntaja

Masiku ano akuti munthu angathe kugwira ntchito ali kulikonse, bola akhale ndi laputopu ndi intaneti. Mayiko ena afika popereka ziphaso zapadera kwa anthu otere: Estonia inayamba mu 2020, Namibia mu 2022, South Africa mu 2024. Koma kwathu kuno ntchito yoyendetsera kutali si yachilendo. Anyamata a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula amene ali ku Joni anaiyamba kale, kungoti iwo alibe laputopu, ali ndi foni.

Masana mnyamata wotere amasoka, kugulitsa mushopu kapena kusamala maluwa panyumba ya bwana ku Johannesburg kapena ku Durban. Akaweruka, ntchito yachiwiri imayamba pa WhatsApp. Ali ndi okala pa Liwonde, njinga yamoto ya kabaza pa Balaka, nyumba ili pamawindo kumudzi, kamunda ka thonje kapena nandolo. Amafunsa matumba a simenti atsala angati, wakabaza wabweretsa zingati lero, aganyu apalira mpaka pati. Ndalama zimadutsa pa Mukuru n'kufika tsiku lomwelo, kenaka zimagawidwa pa Airtel Money kapena Mpamba.

Agogo athu a nthawi ya Wenela sankadziwa moyo wotere. Mpaka mu 1974, pamene Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi ndege itagwa ku Francistown, mwamuna akapita ankapitadi. Kalata inkayenda masabata, ndipo mayi wotsala pakhomo ankaona yekha tsiku lodzala ndi mbuzi yogulitsa. Lero wopita sachoka kwenikweni kumudzi, komanso sakhazikika kumene ali. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Taonani mmene tsiku lake limayendera. Mwayi wake ndi woti wotchi ya ku South Africa ndi ya kuno zimafanana. Amene ali ku Dubai ali patsogolo ndi maola awiri, wa ku London ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Koma wotchi kufanana sikutanthauza kuti anthu apezana. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi kuno ankazima maola ambiri, ndipo mu 2023 Eskom ya ku South Africa nayo inkathimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Munthu mmodzi ankasunga ndondomeko ziwiri za mdima, ya kumene amagona ndi ya kumene kuli katundu wake. Foni ya kumudzi ikakhala yotchajitsa kumsika, kapena bandulo ikatha, iye ku Joni tulo palibe: akuganiza kuti amubera.

Kukayikirana kumeneku ndiko kumadya mabanja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Wa ku Joni anaona randi yake ikubala makwacha ambiri, n'kuyesa kuti nyumba itha msanga. Wa kumudzi anapeza simenti, malata ndi feteleza zitakwera mtengo. Funso la usiku linakhala limodzi: ndalama ndinatumiza zija zapita kuti? Ena amafuna chithunzi cha lisiti iliyonse, ena amatuma mnzawo mwamseri kuti akaone ngati njerwa zawotchedwadi.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Tikamakamba za kugwira ntchito uli kunja timaona wapaulendo yekha, pomwe moyo umene wasintha kwambiri ndi wa wotsala. Foni imalamula, koma sinyamula thumba la feteleza. Amene amapita kwa amfumu pakabuka mkangano wa malire, kulimbana ndi mmisiri wothawa ntchito, kukwera kabaza kukatapa ndalama, ndi mkazi, mlongo kapena mjomba. Iyeyo ndiye kapitawo, kalaliki ndi mlonda, koma malipiro alibe, ngakhale ufulu wosankha alibe. Mvula ikagwa usiku ku Chikweo, iye akudziwa kuti mawa n'kudzala, koma adikire kaye bwana ayankhe uthenga.

Sindikuletsa wina kukwera basi ya pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ndalama za ku Joni zamanga nyumba zamalata zambiri m'madera ndatchula aja ndipo zalipirira ana fizi. Koma achimwene, musananyamuke khalani pansi ndi amene mukumusiyira zinthu. Gwirizanani ndalama zimene angagwiritse ntchito osakufunsani. Mugulireni kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndi kasola kotchajira foni. Ikani tsiku limodzi pasabata lowerengera ndalama, kuti masiku enawo muzifunsana za ana ndi odwala. Ndipo phindu la okala likabwera, gawo lake lidziwike, chifukwa amene akugwira ntchitoyo ndi iyeyo.