Kavalo wa Thoroughbred Sanenepetsedwa Ngati Ng'ombe ya M'khola

Chaka ndi chaka akavalo a mtundu wa Thoroughbred amene atha ntchito yothamanga pa mipikisano ku Borrowdale Park mu mzinda wa Harare, ku Turffontein mu Johannesburg kapena ku Greyville mu Durban, amagulitsidwa kwa eni mafamu ndi ku masukulu ophunzitsa kukwera akavalo. Ambiri mwa iwo sakhalitsa pamalo atsopano asanayambe kuoneka nthiti. Mwini wake, pochita manyazi ndi chiweto chowonda, amalamula wantchito kuti awonjezere madeya ndi chimanga chogaya. Nzeru imeneyi njochokera ku makhola onenepetsera ng'ombe, kumene imapinduladi. Koma kwa kavalo imabweretsa matenda, mwinanso imfa.

Chifukwa chake chili m'mimba. Ng'ombe imabzikula, ndipo chifu chake chachikulu chimasunga chakudya chambiri nthawi imodzi. Kavalo sabzikula, sathanso kusanza, ndipo chifu chake nchaching'ono, cha malita pakati pa 8 ndi 15 basi. Analengedwa kuti azidya msipu pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse. Asidi wa m'chifu mwake amatuluka usana ndi usiku, kaya wadya kaya sanadye, ndipo chimene chimamuziziritsa ndi malovu otuluka potafuna udzu. Nchifukwa chake akavalo ambiri a mipikisano, amene amapatsidwa chakudya cha mbewu chochuluka ndi udzu wochepa, amapezeka ndi zilonda za m'mimba. Wogula kavalo wotere kawirikawiri amagula pamodzi ndi zilondazo, ndipo kumuthirira chimanga kumangozikulitsa. Chimanga chikachuluka chimafika m'matumbo aakulu chisanagayike, nkusasa m'menemo, ndipo kavalo amagwidwa ndi kupotokola kwa m'mimba kapena kutupa kwa m'kati mwa ziboda, kumene kumamulemaza mpaka kalekale.

Madeya ali ndi vuto lawolawo limene alimi a chigawo chino ayenera kulisamala koposa anzawo a ku Ulaya. Ali ndi fosiforasi wambiri koma kashiamu wochepa, pamene kavalo amafuna kashiamu wochuluka pafupifupi kawiri kuposa fosiforasi. Pamwamba pa apo, udzu wina umene umabzalidwa kwambiri kuno, monga Kikuyu, Setaria ndi Buffel, uli ndi mankhwala achilengedwe amene amamanga kashiamu kuti asalowe m'thupi. Ng'ombe siivutika nawo kwenikweni, pakuti tizilombo ta m'chifu mwake timawaphwanya. Kavalo wodya madeya ndi udzu woterewu amayamba kutenga kashiamu m'mafupa ake omwe: nsagwada ndi mafupa a pamphuno amatupa, amatsimphina popanda bala, ndipo amawondabe ngakhale chodyeramo chili chodzaza. Ndipo madeya akakhala a chimanga chachuku, ngozi imaposa pamenepo. Poizoni wotchedwa fumonisin, amene akatswiri a ku South Africa anamutulukira mu 1988, amawononga ubongo wa kavalo, ndipo zizindikiro zikaoneka kuchira nkosowa. Chakudya chosakanizidwira ng'ombe kapena nkhuku nachonso asachilawe nkomwe, chifukwa china chimakhala ndi monensin, mankhwala amene pang'ono pokha amapha kavalo.

Tsono maziko a chakudya ayenera kukhala udzu. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amafuna makilogalamu pakati pa 7.5 ndi 10 a udzu wouma wabwino tsiku lililonse, ndipo wowonda apatsidwe wosatha m'khola, usiku womwe. Udzu wa Rhodes, Teff ndi Eragrostis ngwoyenera, makamaka wodulidwa usanakhwime. Gawo lina likhale la Lucerne, amene ali ndi kashiamu ndi zomanga thupi zambiri. Kumene Lucerne sapezeka, masamba ouma a mtedza amathandiza, bola akhale opanda chuku ndi dothi. Madzi oyera ndi mchere zisasowe.

Alipo amene adzanena kuti Thoroughbred sakhuta ndi udzu wokha, ndiponso kuti m'mwezi wa Okutobala udzu wabwino ngwodula pamene madeya ali pa chigayo chilichonse. Mawu oyambawo ali ndi choonadi chake. Mtundu umenewu unasankhidwa ku England chifukwa cha liwiro, kuyambira kale buku la mibadwo yake lisanasindikizidwe mu 1791, ndipo palibe amene anausankha kuti uzisunga mafuta. Kavalo wogwira ntchito yolemetsa amafunadi chowonjezera. Koma chowonjezeracho chikhale chopangidwira akavalo, chigawidwe katatu kapena kanayi pa tsiku, chisapitirire makilogalamu 2 pa kudya kumodzi, ndipo mphamvu ina ichokere ku mafuta a mpendadzuwa, oyamba ndi masipuni owerengeka mpaka kufika kapu imodzi. Za mtengo wa udzu, yankho nlakuti udzu umadulidwa ndi kusungidwa kumapeto kwa dzinja. Amene sangathe kutero angachite bwino kuweta kavalo wa mtundu wopirira monga Boerperd kapena Basotho, pakuti si famu iliyonse imene ingasunge Thoroughbred.

Asanasinthe chakudya nkomwe, mwini aitane dotolo wa ziweto kuti aone mano ndi njoka za m'mimba. Kavalo wa mano osongoka amalavula udzu atautafuna theka. Pambuyo pake ayeze thupi ndi manja, osati ndi maso okha. Muyeso umene Don Henneke anafalitsa mu 1983 umayambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo wofunika ndi 5: nthiti zosaoneka, koma zomveka dzanja likadutsa. Thoroughbred ngwowonda mwachibadwa, choncho asamuyerekeze ndi mthenu wopita ku msika. Kukwera kuchoka pa 4 kufika pa 5 kumatenga miyezi pafupifupi iwiri, ndipo chakudya chilichonse chatsopano chilowetsedwe pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14.