Kusungulumwa Si Matenda a Azungu

Pali anthu amene amati kusungulumwa ndi matenda a azungu, choncho buku la John Steinbeck lotchedwa Of Mice and Men lilibe phunziro kwa mwana wa ku Mzimba. Maganizo oterewa ngolakwika ndiponso ngoopsa, pakuti amaphimba bala limene likunyeka m'midzi yambiri.

Bukuli lidatuluka m'chaka cha 1937, ndipo likusimba za amuna oyendayenda ofuna ganyu m'minda ikuluikulu ya ku California. George ndi Lennie amayenda awiri, chinthu chimene chikudabwitsa anzawo, popeza aliyense adazolowera kuyenda yekha. Crooks, wosamala akavalo, amagona payekha chifukwa khungu lake ndi lakuda. Candy, nkhalamba ya dzanja limodzi, bwenzi lake ndi galu, koma galuyo akumuombera mfuti. Mkazi wa Curley ali pabanja, koma alibe womumvera zakukhosi. Onsewa chakudya ali nacho. Chimene akusowa ndi munthu. N'chifukwa chake Candy, atamva kuti awiri aja akulota zogula kamunda, akulonjeza ndalama zake zonse kuti angokhala nawo limodzi.

Kodi zimenezi nzachilendo ku Mzimba? Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna a ku Embangweni, Edingeni ndi Khosolo akhala akupita ku migodi ya ku Joni. Kumeneko ankagona m'makomponi a amuna okhaokha, kopanda mkazi kapena mwana. Ena sadabwererenso, natchedwa matchona. M'chaka cha 1974 ndege idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, ndipo boma lidaletsa Wenela kulemba anthu. Koma njira ya ku Joni sidamere udzu. Mpaka lero mabasi amanyamula anyamata pa boma la Mzimba ndi pa Jenda.

Otsutsa amaloza nyumba zamalata ndi ng'ombe zogulidwa ndi ndalama za ku Joni. Zoonadi umphawi ndiwo umathamangitsa anthu, ndipo ndalamazo zaphunzitsa ana ambiri. Koma malata sacheza ndi munthu. Mkazi woloboledwa amatsala pamudzi pa apongozi ake, kutali ndi kwao, akulima yekha ndi kudwazika ana yekha. Mwana amadziwa katundu wa bambo wake koposa nkhope yawo. Mwamunanso kutaliko amadwala popanda womupatsa madzi, koma sanena, poti adamuuza kuti mwamuna salira. Kukana kuti mavutowa alipo ndiko kuwakulitsa.

Steinbeck sadalembe za America yokha. Adalemba za ntchito iliyonse imene imagula manja a munthu niiwala mtima wake. Mnyamata wolingalira za ulendo awerengere mtengo wonse, osati wa basi wokha. Wopitayo asatchone, otsala asamuone mkazi wake ngati mlonda wa nyumba chabe, koma amuchezere ndi kumuthandiza. Akuluakulu sadaname ponena kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.