Mphunzitsi Wakwathu Ndiye Uti?

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka zoipa, pa Kandeu sipalephera kumveka mawu akuti, "Akanatipatsa aphunzitsi akwathu konkuno, osati obwerawa." Olankhulawo ndi anthu aulemu wawo ndithu, koma akusokeretsa ana athu. Mankhwala akufunawo dziko lino linamwa kale, ndipo linadwala nawo.

Mu 1989 Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi abwerere kuzigawo za kwawo, ati a kumpoto ankaphunzitsa mwamphwayi dala ana a pakati ndi kummwera. Anthu anapakira katundu m'malole, ndipo sukulu zambiri za pakati ndi kummwera zinatsala zikusowa aphunzitsi odziwa ntchito, makamaka a masamu ndi sayansi. Kodi mwana wa ku Ntcheu anapindulapo chiyani?

Komanso ife tikamati "akwathu" tikunena yani? Angoni a Maseko anachoka kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, natola anthu a mitundumitundu m'njira monse, nadzakwatirana ndi omwe anawapeza kuno. Lero ku Umhlangano ku Nkolimbo timavina ngoma, zishango zili m'manja, koma macheza onse amakhala m'Chichewa. Mtundu umene unakula polandira alendo uziopa mphunzitsi wa ku Rumphi? Zamanyazi!

Taonani mmene ana athu akuphunzirira. Sukulu zoyendera za CDSS zimatenga ana a m'midzi yozungulira, kotero mwana amachoka Sitandade 1 kukafika Fomu 4 ndi nkhope zomwezomwezo, maganizo omwewo, ngakhale miseche yomweyo. Mnzake wosankhidwira kusukulu ya boma yogonera monga Dedza amagona chipinda chimodzi ndi Myao wa ku Mangochi amene akusala kudya pa Ramadani, Mtonga wa ku Nkhata Bay wodziwa nyanja, ndi Msena wa ku Nsanje amene kusefukira kwa Shire anakuona ndi maso, osati m'buku la jogalafe. Amatsutsana, nthawi zina kukangana kumene, ndipo zimene ankamva kwawo zokhudza mitundu ina amayamba kuzikayikira. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Kwa mwana wa sukulu yoyendera, Mmalawi wakutali amene angacheze naye tsiku ndi tsiku nthawi zambiri ndi mphunzitsi yekhayo. Ndiye timulande ameneyonso? A makomiti a sukulu, lekani kufunsa kuti mphunzitsi kwawo nkuti. Pitani mukaone ngati nyumba imene mwamupatsa siikudontha.